Kodi Dambo la Kwanu Linacokera Kuti?

Pa tsamba lino la mbiri yakale tinazolowera kukamba za mafumu, za ulendo wa Angoni ndi za amishoni oyamba. Lero tikamba za cinthu cimene ciri ndi zaka zambiri kupambana onsewo, cimene ena a inu mumadutsapo popita ku chalichi koma osaciyang'ana kawiri. Tikamba za dambo.

Inu a ku Avondale ndi ku Chelstone, kodi munafunsapo kumene madzi a m'ngalande zanu amathera mvula ikagwa yamphamvu mu Januwale? Satsikira ku tauni iai. Madzi a mbali ino ya mzinda amalowa m'timifuleni topita ku Ngwerere ndi ku Chalimbana. Iyi imathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amathira mu Zambezi. Anzanu a ku Matero madzi ao amayenda njira ina: amalowa mu Chunga, kenaka mu Mwembeshi, mpaka mu Kafue. Lusaka anamangidwa pamsana, pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere. Ndico cifukwa cake mumzinda muno mulibe mtsinje waukulu. Tiri ndi magwero cabe, ndipo magwero ambiri a mitsinje ya dziko lathu amayambira m'madambo.

Tsopano taonani codabwitsa. Mukaima pamphepete pa dambo limene silinamangidwemo nyumba, muona cigwa cotakata, mwina mamita 200 kapena 500 kucoka tsidya lino kufika tsidya linalo. Pakati pake pamayenda kamfuleni koti mwana wa Giredi 3 angalumphe, ndipo m'madambo ena mulibe ndi kamfuleni komwe, muli udzu ndi matope basi. Kamadzi kakang'ono kotero sikangakumbe cigwa cacikulu cotere, monga momwe mbewa siingakumbe dzenje la nkhumba. Nanga anakumba ndani?

LIU LATHU M'MABUKU A AZUNGU

Liu lakuti dambo ndi lathu, la Cinyanja, koma lero limapezeka m'mabuku a sayansi a zinenero zambiri. Mu 1936 Mjeremani wina dzina lake Ackermann analemba za madambo a dziko lino, pamene linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo anagwiritsa nchito liu lomwelo limene anamva kwa eni dziko. Mu 1974 Mjeremani winanso, Rüdiger Mäckel, anafalitsa zimene anapeza atayenda ndi kukumba m'madambo a Zambia. Kucokera pamenepo akatswiri a nthaka akhala akubwerera ku funso limene takufunsani lija.

Yankho linayamba kuoneka pamene anakumba maenje. Amene munathandizako kuumba njerwa kapena kukumba citsime ca kudimba mudziwa kale zina mwa izi. Pamwamba pa dambo pamakhala makande akuda, onanda, amene amang'aluka m'mwezi wa Okutobala. Mukapitirira pansi, m'madambo ambiri mumapeza mcenga wotuwa. Pansi pa mcengawo nthawi zina pamakhala mzere wa timiyala, tina tosalala ndi tobulungika. Timiyala totere sitisalala tokha. Timasalala cifukwa ca kugubuduzika m'madzi othamanga kwa nthawi yaitali. Madzi amene amayenda m'dambo lero sanganyamule ngakhale kamwala konga nsawa. Conco pamalo pomwepo panayendapo madzi a mtundu wina, m'nyengo ya mtundu wina.

PAMENE NYANJA YA MALAWI INATSALA PANG'ONO KUPHWA

Kuti timvetse nyengo imeneyo, tiyeni ticoke ku Lusaka pang'ono tipite ku Nyanja ya Malawi, cifukwa kumeneko ndi kumene mbiri ya mvula ya dera lathu lino inasungika bwino koposa. Caka ndi caka matope amakhazikika pansi pa nyanja, ena pamwamba pa ena, osasokonezeka. Mu 2005 akatswiri anaika makina oboola pa combo, naboola pansi pa nyanjayo ndi kuturutsa matope a zaka zikwi mazanamazana. Nyanja ya Malawi lero ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa cilala coopsa kangapo, ndipo madzi anatsika mamita oposa 500. Mwa magawo 100 a madzi a m'nyanjamo, pafupifupi 95 anatha. Pamalo pamene lero pali madzi akuya anapezapo dothi la kumtunda. M'matope a nthawi imeneyo mungu wa mitengo ya m'nkhalango unacepa kwambiri, kusonyeza kuti dziko lozungulira linali louma ngati cipululu.

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo maiko a kumpoto, monga Canada ndi mbali ya Ulaya, anakwiririka ndi madzi oundana. Madzi ambiri a dziko lapansi anamangika m'menemo, mwakuti nyanja yamcere inatsika mamita pafupifupi 120. Kuno kwathu sikunagwe cipale, koma kunazizira, ndipo m'madera ambiri a Africa mvula inacepa. Nyanja ya Victoria inaphweratu zaka pafupifupi 16,000 zapitazo. Pambuyo pake mvula inabwerera, nyanja zinadzalanso, nkhalango zinaphukanso.

Cimasinthasintha nyengo cotere nciani? Mwa zina, ndi kayendedwe ka dziko lenilenilo. Munaonapo nguli ikamazungulira, mutu wake ulikugwedezeka pang'onopang'ono? Dziko lapansi limacitanso cimodzimodzi, ndipo kugwedezeka kumodzi kumatha zaka pafupifupi 26,000. Kupendekeka kwake kumasintha pa zaka 41,000, ndipo njira yake yozungulira dzuwa imasintha pa zaka pafupifupi 100,000. Amene anawerengetsa bwino masamu a zimenezi ndi Milutin Milankovitch wa ku Serbia. Zinthuzi zikasintha, mphamvu ya dzuwa imagawika mosiyana pa dziko, ndipo mitambo imene imatibweretsera dzinja imafika patali kapena kulekera panjira.

ZIMENE CILALA CIMACITA KU MTSINJE

Apa ndi pamene pagona nkhani, conco werengani mofatsa. Ambiri timaganiza kuti mvula ikacepa mtsinje umangocepa, ndipo ikaculuka umangokula. Zoona zake nzakuti mtsinje umasintha khalidwe, ndipo cimene cimausintha kwambiri ndi udzu ndi mitengo.

Tayerekezani dera la Avondale m'nyengo ya cilala ca zaka zikwi. Miombo ndi misuku yatha, kwatsala zitsamba patalipatali ndi udzu wa apa ndi apo. Nthaka iri pambalambanda. Mvula imagwa kamodzikamodzi, koma ikagwa imagwa yamkuntho, ndipo palibe masamba oichinga kapena mizu yogwira dothi. Madzi amathamanga pamwamba, nakokolola mcenga ndi timiyala kucoka m'zitunda kupita m'cigwa. Kwa tsiku limodzi kapena awiri khwawa limadzala ndi cigumula cofiira. Madziwo sakhala ndi njira imodzi: amagawikana, nagumula gombe ili, caka cina gombe linalo, ndipo potero cigwa cimatakata. Akaphwa amasiya katundu wao yense pomwepo. M'miyezi youma mphepo nayo imaulutsa mcenga ndi kuuthira m'malo otsika. Zaka zikapita zikwi, cigwa cija cimakhala cotakata ndiponso codzala mcenga.

Kenaka nyengo itembenuka. Mvula ikugwa miyezi isanu caka ndi caka. Mitengo yabwerera m'zitunda, masamba aphimba nthaka, madzi alikulowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. Amayenda pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka mpaka kukatulukira m'mphepete mwa cigwa cija. Kumeneko nthaka imakhuta madzi miyezi yambiri, mwakuti mizu ya miombo siingapume. Ndico cifukwa cake mitengo imalekera pamzere umodzi ngati kuti wina anaidula ndi cingwe, ndipo m'kati mumamera udzu ndi mlulu. Udzuwo umasefa madzi. Dothi losalala lokha ndilo limafika pakati, nilikhazikika pamodzi ndi udzu woola, ndipo makande akuda aja amapangika pamwamba pa mcenga wakale. Mtsinje waukali wa nthawi ya cilala wakwiririka. Pamwamba pake pali dambo.

Izi sizinacitike kamodzi. Nthawi zina, makamaka pamene nyengo inali kusintha kucoka ku ina kupita ku inzake, madzi anali kudula ngalande yakuya m'kati mwa dambo ndi kucotsa zina mwa zimene zinaunjikana, pambuyo pake ngalandeyo nkudzalanso. Kudula, kudzaza, kudula, kudzaza. Ndico cifukwa cake m'mbali mwa zigwa zina mumaoneka masitepe a nthaka, pamene panali pansi pa cigwa kale koma lero pali pamwamba.

Ngati mukuona ngati nthano, pali citsanzo ca m'nthawi ya agogo a makolo athu. Kuyambira 1915 mpaka 1935 Nyanja ya Malawi inatsika kwambiri, ndipo mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanjamo. Mcenga ndi bango zinatseka njira yake, ndipo pa Nyanja ya Malombe anthu anafika polimapo minda. Kutsika kwa madzi kwa mamita owerengeka cabe, kwa zaka 20, kunatseka mtsinje waukulu cotero. Nanga cilala ca zaka 10,000?

Umboni wina uli ku Western Province. Dziko la kumeneko ndi la mcenga wa Kalahari, ndipo pansi pa nkhalango pali mizere yaitali ya zitunda za mcenga zimene zinaunjikidwa ndi mphepo. Mphepo siingaunjike mcenga pamene pali mitengo, conco zitundazo zinapangika pamene mitengo kunalibe. Akatswiri a pa yunivesite ya Oxford anakumbanso m'madambo a kumeneko, ndipo mu 2015 anafalitsa umboni wa kudula ndi kudzaza kuja. Mwina mufunsa kuti zaka amazidziwa bwanji. Njira imodzi ndi iyi: kanjere ka mcenga kakakwiririka, kamayamba kusunga mphamvu yocokera m'nthaka pang'onopang'ono, ndipo kakaona dzuwa mphamvuyo imafufutika. Conco amatenga mcengawo m'mapaipi otseka kuti usaone kuwala, nakayesa mphamvu imene wasunga. Ikaculuka ndiye kuti mcengawo unakwiririka kale kwambiri. Udzu woola ndi makala amaziyesa mwa njira ina, ya kaboni.

SI ONSE AMAVOMEREZA

Tisakunamizeni kuti akatswiri onse amanena cimodzi. M'zaka za m'ma 1980 a McFarlane, amene anafufuza madambo a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, anati madambo ambiri sanakumbidwe ndi mitsinje. Iwo anati madzi a pansi pa nthaka amasungunula thanthwe pang'onopang'ono, makamaka m'ming'alu yake, ndipo nthaka ya pamwamba imatitimira nkusiya cigwa. Mtsinje umabwera pambuyo, kudzapeza njira yokonzeka kale. Kwa ine, mbali ziwirizi zonse ziri ndi coona cake. Thanthwe ndilo limasankha pamene cigwa cidzakhala, koma zimene zadzala m'cigwamo, mcenga, timiyala ndi makande, zinabwera ndi kusinthasintha kwa mvula.

Ife a mu Lusaka sitingatsutse zakuti madzi amadya thanthwe. Pansi pa tauni, pa Kanyama, pa Misisi ndi pa Chawama pali mwala woyera uja umene azimai amaphwanya m'mbali mwa miseu. Mwala umenewu umasungunuka ndi madzi a mvula, ndipo m'kati mwake muli mapanga ndi ming'alu. Kumeneko simupeza mitsinje ya pamwamba cifukwa madzi amayenda pansi. Mvula ikaculuka mapangawo amadzala, madzi nkutumphuka m'mabwalo ndi m'nyumba. Kumbali ino ya kumpoto ndi kum'mawa kuli miyala ina yosalola madzi kulowa msanga, ndiye kuno kuli timifuleni ndi madambo.

NYANJA IMENE INALI PAFUPI NDI LUSAKA

Dambo lalikulu koposa pafupi nafe ndi cigwa ca Kafue, cimene Azungu amati Kafue Flats. Mukamapita ku Mazabuka mumaliona kudzanja lamanja, lathyathyathya mpaka kumene maso alekera. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 6,500. Kucoka ku Itezhi-Tezhi kufika pafupi ndi tauni ya Kafue mtsinje umayenda mokhotakhota makilomita oposa 400, koma umatsika mamita osapitirira 15. Ukangolowa m'mapiri a Kafue Gorge umagwa mamita pafupifupi 600 pa mtunda waufupi. Mtsinje umodzi, makhalidwe awiri: kumtunda nkhalamba yoyenda ndi ndodo, kumunsi mnyamata wothamanga.

Akatswiri ambiri amafotokoza kuti iyi inali mitsinje iwiri. Kalekale Kafue sanali kukhotera kum'mawa pa Itezhi-Tezhi monga acitira lero. Anali kupitirira kum'mwera cakumadzulo, kudzera ku dera la Machili, kupita ku Zambezi wa kumtunda ndi ku nyanja yaikulu imene inali pa Makgadikgadi m'dziko la Botswana. Apa tiyenera kunena mosabisa kuti cimene cinatseka njirayo si mvula koma kutukuka kwa nthaka, pakuti dziko lathu liri m'dera la ming'alu yaikulu ya Africa. Madzi atasowa kopita anaunjikana nakhala nyanja yaikulu kupambana dambo la lero. M'mabuku nyanja imeneyi inapatsidwa dzina lakuti Lake Patrick. Kukula ndi kucepa kwake kunali kutsata mvula. Pomalizira kamtsinje kena kotsetserekera ku Zambezi wa kumunsi kanadya phiri cobwerera m'mbuyo mpaka kanaboola khoma la nyanjayo, madzi nkukhuthukira kum'mawa. Njira imeneyo ndiyo Kafue Gorge. Makande akuda amene ng'ombe za Aila zimadyapo msipu lero ali pansi pa nyanja yakale.

Nyama ndi nsomba zimacitira umboni. Mceni, nsomba ya mano akuthwa ija, ulimo mu Zambezi koma mulibe mu Kafue kumtunda kwa mathithi a m'Gorge. Nyama ya m'madzi yochedwa lechwe, imene Aila ndi Atonga amati nanja, iri ndi mitundu yosiyana: ya m'cigwa ca Kafue, yakuda ya ku Bangweulu, ndi yofiira ya ku Bulozi ndi ku Busanga. Nyama imeneyi siicoka kutali ndi madzi. Makolo ake anafalikira pamene madambo akuluakuluwa anali olumikizana, ndipo mitsinje itaduka, banja liri lonse linatsala kwaokwao.

Nyanja itatha, mtsinje unayamba kulemba zake pa matope otsalawo. Pa cithunzi cojambulidwa kumwamba, cigwa ca Kafue cimaoneka ndi njira zakale za mtsinje zosawerengeka, zina zokhota ngati cikwakwa, zimene lero ndi maiwe a nsomba. Madzi akasefukira, dothi lolemera limagwa pafupi ndi gombe, conco m'mbali mwenimweni mwa mtsinje mumakhala mokwera kupambana kutali nao. Pa timitunda timeneto ndi pamene Batwa ndi asodzi ena akhala akumanga misasa yao.

Ndipo anthu analipo akuona zina mwa izi. Pa phiri la Twin Rivers, makilomita 24 kum'mwera cakumadzulo kwa Lusaka, poyang'anana ndi cigwa ca Kafue, Desmond Clark anakumba m'zaka za m'ma 1950, ndipo Lawrence Barham anakumbanso mu 1999. Anapeza zida za miyala ndi tizidutswa ta miyala ya utoto wamitundumitundu, za zaka zoposa 200,000. Ku mapanga a Mumbwa, amene ali pafupi ndi dambo, dothi la m'phanga limaonetsa kuti anthu anali kukhalamo, kucokamo kwa nthawi yaitali, ndi kubweranso. Ndipo ku Kalambo Falls, kufupi ndi Mbala, mcenga wonyowa wa m'mbali mwa mtsinje unasunga mitengo iwiri yosemedwa kuti ilumikizane. Mu 2023 kunalengezedwa kuti iri ndi zaka 476,000, ndipo palibe cinthu cina comangidwa ndi mitengo cakale kuposa ici cimene capezeka pa dziko lonse.

Ndidziwa kuti pa gulu lanu wina aimika dzanja: nanga zaka zonsezi zigwirizana bwanji ndi buku la Genesis? Funso limeneli ndi labwino, ndipo Akhristu oona mtima amaliyankha mosiyana. Kambiranani ndi atsogoleri a mpingo wanu mopanda mantha. Zaka zimene ndachula ndi zimene anthu anayesa ndi zipangizo, ndipo akayesanso bwino zina zimasintha pang'ono. Kwa ine, kudziwa kuti dambo linatenga zaka zikwizikwi kuti likonzeke sikucepetsa Mlengi. Ndiponso Buku Lopatulika lomwelo silibisa kuti nyengo imatembenuka. Kumbukirani zaka 7 za dzinthu ndi zaka 7 za njala m'masiku a Yosefe, m'dziko limene cakudya cake conse cinali kudalira kusefukira kwa mtsinje umodzi.

MZINDA PAMWAMBA PA MADZI

Tibwerere kwathu. Lusaka anayamba mu 1905 ngati poima sitima, pa malo athyathyathya a mwala woyera uja, ndipo kuyambira paciyambi dzinja linali kuvuta. Pamene boma la atsamunda linasamutsa likulu kucoka ku Livingstone mu 1935, linamanga maofesi ndi nyumba zake kumtunda, ku Ridgeway. Malo otsika ndi a miyala anatsalira anthu osauka. Mu 1978 madzi anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama. Mu 2010 mabanja a m'makomboni osefukira anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Pamene madzi a pansi akwera, zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zimamwa madzi amodzi. Kolera ya 2017 ndi 2018 inayambira m'makomboni otere, ndipo ya 2023 ndi 2024 inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. National Heroes Stadium inasanduka cipatala.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Kanyama kokha. Mzinda ukukulira kuno kum'mawa, ndipo malo ouma atatha anthu ayamba kugula mapuloti m'madambo. Mwini puloti amathira zigumuka za nyumba ndi dothi lofiira, namanga mpanda wa mabuloko. Koma zitunda zonse zozungulira zikali kutsetserekera komweko, monga zakhala zikucitira kuyambira nyengo zija tafotokozazi. Pamwamba pa izo, malata, matailosi ndi phula sizilola madzi kulowa pansi. Madzi amathamanga pamwamba, ambiri pa nthawi imodzi, atanyamula mcenga. Mwaona kodi? Ndi khalidwe lomwe lija la mtsinje wa nthawi ya cilala. Nthaka yopanda mitengo ndi udzu imacita cimodzimodzi, kaya anacotsa mitengoyo ndi cilala ca zaka zikwi kapena nkhwangwa ya caka catha.

Anthu a m'mbali mwa Chalimbana anaziona ndi maso. Gwero la mtsinje wao liri m'nkhalango ya boma ya Lusaka East, yodziwika ndi dzina lakuti Forest 27, kupitirira Ibex Hill. Mu 1983 boma linacotsa citetezo pa nkhalangoyo, mitengo inadulidwa, ndipo anthu a kumunsi anadandaula kuti mtsinje wayamba kuphwa. Anapempha boma mpaka mu 1996 nkhalangoyo inatetezedwanso. Kuyambira 2017 mbali zina zinadulidwanso kukhala mapuloti, ndipo mkangano unafika ku makhoti. Ena a inu mumamwa madzi a m'zitsime zokumba ndi makina, amene amalowa pansi m'malo onga amenewo. Ena mumamwa a m'pompi, amene mbali yake imapopedwa kucokera mu Kafue.

Kusintha kwa nyengo kwa masiku ano kuli ndi gwero lina, ndilo utsi wa malasha ndi mafuta umene anthu athira m'mlengalenga, ndipo kukuyenda msanga kupambana kwa nguli kuja. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo malaiti anali kuyaka maola owerengeka cabe pa tsiku. M'caka cotere, m'midzi yambiri ndiwo zamasamba ndi cimanga caciwisi zimacokera m'madimba a m'dambo, cifukwa makande ndi mcenga wa pansi pake zimasunga madzi pamene minda ya kumtunda yauma.

Tsiku lina ena a inu mudzafuna puloti, kapena makolo anu adzakutumani kukaona malo amene wina akugulitsa mochipa. Ogulitsa amakonda kuonetsa malo mu Seputembala ndi Okutobala, pamene pali ponse pauma. Yang'anani pansi. Ngati dothi ndi lakuda ndi long'aluka, ngati palibe zitsa za miombo kapena misuku, ngati zulu za ciswe zandandalika m'mphepete koma pakati palibe, muli m'dambo. Suzumirani m'dzenje la cimbudzi kapena la maziko la oyandikana nao: dothi lotuwa lokhala ndi mawanga onga dzimbiri limasonyeza pamene madzi amafika m'dzinja. Funsaninso akuluakulu a Cisoli, eni dera lino, kuti pamalopo panali ciani mzinda usanafike, ndipo bwererani mu Febuluwale mukaone nokha.

Gulu lanu lingacite zimenezi Loweruka limodzi popanda kulipira galimoto. Pemphani cilolezo pamene anthu akukumba maziko kumalo otsika, tengani tepi yoyezera ndi kabuku, ndipo lembani kuya kwa makande, kwa mcenga ndi kwa timiyala. Musalowe m'dzenje lakuya, pakuti makoma a mcenga amagumuka mosacenjeza. M'mizere ya timiyala yotere nthawi zina mumapezeka miyala yosemedwa ndi anthu akale, yakuthwa mbali imodzi, yokhala ndi zipsera za pamene anaigogoda. Lamulo la dziko lino limateteza zinthu zotere. Mukaipeza musaigulitse kapena kuitaya. Lembani malo ndi kuya kumene inali, ndipo kadziwitseni a ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue.